Layini inazima Lachisanu, Lolemba ndapezeka ndi ngongole

Make mapasa, Matawale: Mwaswera bwanji nonse. Pepani ndilemba zambiri, mutu sukuyenda. Lachisanu cha m'ma 3 koloko masana ndili mu msika waukulu wa Zomba ndikugula matemba, foni inangotaya netiweki. Timizere tonse ta pamwamba tija zii. Ndinati mwina ndi mitambo ya kuphiri, mukudziwa mmene zimakhalira ikatsika ku Chawe. Ndinazimitsa, kuyatsa, kuchotsa SIM, kuipukuta pa chitenje, kubwezeramo, ayi ndithu. Loweruka ndinali ku maliro ku Jali, Lamulungu kutchalitchi. Lero m'mawa ndapita ku ofesi ya kampani ya foni, mtsikana wa pa kauntala akuti nambala yanga ikugwira bwinobwino, inasamutsidwira pa SIM ina Lachisanu lomwelo chifukwa mwini wake anadandaula kuti foni yatayika. Mwini wake uti, ine ndili pano ndi foni yanga m'manja? Layini andibwezera, koma mu akaunti yanga ya ndalama za pa foni munali K212,000 ndipo mwatsala K35. Mwa ndalamazo K180,000 si zanga, ndi za banki mkhonde, ine ndine msungichuma. Atenganso ngongole ya pa foni m'dzina langa. Ndiyambire pati abale?

Abiti wa ku Songani: Mayo ine! Pepani achemwali. Za gulu zomwe?

Make mapasa, Matawale: Za gulu zomwe. Timagawana mwezi wamawa. Chakudya sichikulowa.

Wakabaza wa pa depoti: Amenewo ndi anyamata athu a kuseri kwa mpanda wa ndende aja, musavutike n'kufufuza kkkk

Madala a ku Sadzi: Koma amayi inunso, foni kuzima masiku atatu osapita kukafunsa? Ndalama za anthu mumasunga pa foni ngati mulibe bokosi?

Abiti wa ku Songani: Madala, munthu wagwa m'dzenje mukumufunsa chifukwa chake sanayang'ane pansi? Bokosi lomwelo si lija anathyola kwathu kuno chaka chatha, makiyi atatu onse ali kwa eni ake?

Ejenti wa pa Chinamwali: Mayi pepani kwambiri. Ntchito yanga ndi yomweyi, ndiye ndifunseko. Kuti munthu asamutse nambala yanu amafunika chitupa chanu cha unzika, kapena zonse zolembedwa pamenepo. Koma ngakhale atatenga layini, ndalama sangazitulutse opanda PIN. Pali amene anakuimbirani masiku apitawa n'kumati ndi a ku kampani, akukonza akaunti?

Make mapasa, Matawale: Ayi achimwene. Amenewo ndimawadziwa, ndimangodula. PIN yanga ngakhale bambo a kunyumba saidziwa.

Mnyamata wa ku Chanco: Mayi, musailembe muno, mungoyankha eya kapena ayi. PIN yanuyo inali chaka chimene munabadwa?

Make mapasa, Matawale: Iii. Mwadziwa bwanji mwanawe?

Mnyamata wa ku Chanco: Sindinadziwe, ndangoyesa mmene wakubayo anayesera. Tatulutsani chitupa chanu muchione. Pali dzina, nkhope, nambala ya chitupa, ndi tsiku, mwezi, chaka chobadwa. Amene ali ndi chithunzi cha chitupacho ali ndi loko ndi kiyi yomwe. Akalephera chaka amayesa tsiku ndi mwezi, akalephera apo amayesa 1234 kapena manambala anayi omalizira a foni yanu. Ambirife timagwera pa zinayi zimenezi.

Wakabaza wa pa depoti: Aise wandiopsa. Ndikubwera, ndikaone kanthu kena pa foni.

Abiti wa ku Songani: Kkkk wakabaza wapita kukasintha chaka chobadwa.

Aphunzitsi opuma, Domasi: Mayi, ndikupepesa. Funso lalikulu tsopano ndi lakuti chitupa chanu chinafika bwanji m'manja mwa anthuwa. Takumbukirani bwinobwino, miyezi itatu kapena inayi yapitayi, ndani anachigwirapo kapena kuchijambula?

Make mapasa, Matawale: Aphunzitsi, chitupa sichinatayikepo, chimakhala m'kachikwama mkati mwa Baibulo. Koma mwandikumbutsa. Mwezi wathawu kunabwera anyamata awiri ndi mtsikana m'modzi m'dera lathu, atavala majekete owala aja, mafayilo m'manja, ulemu wosaneneka. Anati akulemba amayi a mabizinesi ang'onoang'ono kuti adzalandire ngongole yopanda chiwongoladzanja. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kwa aneba, amayi ngati 15. Aliyense amapereka chitupa, mtsikana uja n'kujambula kutsogolo ndi kumbuyo, kenako nambala ya foni imene umalandirira ndalama. Ndikukumbuka anafunsanso kuti pano msungichuma wa banki mkhonde ndani, amayi onse n'kuloza ine. Ine mpaka kumwetulira ngati ndapatsidwa ufumu.

Abiti wa ku Songani: Eee! Ndiye anachita kukusankhani.

Aphunzitsi opuma, Domasi: Pamenepo ndiye pagona nkhani. Musadzione ngati opusa, mayi. Chidutsireni namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 tinazolowera kulembedwa mayina. Wabwera wa ufa, tilembe. Wabwera wa malata, tilembe. Munthu akavala jekete lowala n'kunyamula fayilo, timathamangira m'nyumba kukatenga chitupa tisanamufunse n'komwe kuti watumidwa ndi ndani ndipo amfumu akumudziwa kapena ayi. Muuzeni mwamsanga aliyense amene anakhala pansi pa mtengo paja kuti asinthe PIN lero, asadikire mawa.

Make mapasa, Matawale: Ndatuma mapasa kale khomo ndi khomo.

Madala a ku Sadzi: Ine ndinanena kalekale kuti zitupa zimenezi zidzatipweteka. Kale tinkayenda opanda chitupa, ndani ankatibera dzina?

Aphunzitsi opuma, Domasi: Madala, kale lomwelo anthu ankalemba mayeso m'dzina la anzawo, ena kugwira ntchito zaka 30 ndi satifiketi ya m'bale wawo womwalira. Kuba dzina si kwa lero. Chasintha n'chakuti kuyambira 2017, pamene a NRB, bungwe lopereka zitupa za unzika, analemba dziko lonse, aliyense wa zaka 16 kupita m'tsogolo, zinthu zonse zinamangiriridwa pa kakhadi kamodzi. Mu 2018 a MACRA, bungwe loyang'anira makampani a mafoni, analamula kuti SIM iliyonse ilembetsedwe. Ku banki akufuna chitupa, ku feteleza chitupa, ku Mtukula Pakhomo chitupa. Ubwino wake ulipo, koma mbuzi zonse zikakhala m'khola limodzi fisi amangofuna khomo limodzi.

Ejenti wa pa Chinamwali: Zoona aphunzitsi.

Wakabaza wa pa depoti: Ndabwerako. Koma tisanamizane, ma ejenti nanunso mumadziwapo kanthu. SIM zolembetsa kale zimene anyamata amagulitsa m'misewu zija zimalembetsedwa ndi zitupa za ndani?

Ejenti wa pa Chinamwali: Aise usatiphatikize tonse. Enafe timadya za thukuta, tsiku lonse padzuwa pansi pa ambulera chifukwa cha kakomishoni. Koma sindikana, alipo oipa pakati pathu, ndipo ndikuuzeni mmene amachitira kuti muzichenjera. Mwabwera kudzalembetsa SIM imodzi. Wajambula chitupa, wakujambulani nkhope, kenako akuti, aaa netiweki yavuta, tiyambirenso. Akujambulaninso kachiwiri. Inu mukupita ndi SIM imodzi, iye watsala ndi ina yolembetsedwa m'dzina lanu. Imeneyo ndi imene amagulitsa. Tsiku lina wina akaberedwa ndi nambala imeneyo, apolisi akafufuza, dzina lotuluka ndi lanu. Ndiye akanena kuti tiyambirenso, funsani kuti yoyamba ija yathera pati, muone ndi maso anu pa foni yake. Komanso mukapita ku ofesi ya kampani ndi chitupa, afunseni akuuzeni manambala onse amene ali m'dzina lanu. Amene simukuwadziwa atsekedwe pomwepo.

Make mapasa, Matawale: Zimenezo sindinafunse. Ndibwereranso mawa.

Achemwali a ku banki: Ndalowa mochedwa, ndawerenga zonse. Mayi mawa musapite chimanjamanja ndipo musakangolankhula pakamwa. Yambani ku polisi mukatenge lipoti lolembedwa, likhale ndi tsiku ndi nthawi imene layini inazima. Mukatero lembani kalata ku kampani, mapepala awiri ofanana, imodzi muwasiyire, inayo akudindireni chidindo chosonyeza kuti alandira, mubwere nayo kunyumba. M'kalatamo pemphani sitetimenti ya akaunti kuyambira Lachinayi mpaka lero, tsiku ndi malo amene SIM inasinthidwira, ndipo munene poyera kuti ngongoleyo simunatenge ndinu, mukuikana. Sitetimenti imaonetsa nambala iliyonse imene ndalama zinapitako ndi ejenti amene anazitulutsa. Apolisi amayambira pamenepo.

Chimene ndikuopa ine ndi ngongoleyo kuposa ndalama zapitazo. Muno m'Malawi muli lamulo la 2010 la ma Credit Reference Bureau, amene amasunga mbiri ya ngongole za anthu. Mabanki ndi obwereketsa ndalama amatumiza kumeneko mayina a osabweza. Ndaonapo bambo wina atabwera kudzapempha ngongole ya fizi ya mwana, zonse zili bwino, kompyuta n'kukana chifukwa cha ngongole imene iwo sanaimvepo, ya zaka ziwiri kumbuyo. Anakhala pa mpando paja thukuta kamukamu. Mlandu suola, ndipo ngongole ya pa kompyuta ndiye siiwalika n'komwe.

Make mapasa, Matawale: Ndiye ndiibweze kaye kuti dzina lisade? Ndi K28,000.

Madala a ku Sadzi: Bwezani mayi, zithe. Kulimbana ndi makampani n'kutha nsapato.

Achemwali a ku banki: Ine ndingati musathamangire. Mukabweza mwakachetechete zimaoneka ngati mwavomera kuti ndi yanu. Kalata yokana ija iyambe yafika ndi kudindidwa. Komanso ngati nambala imeneyi ndi yomwe munalembetsa ku banki kwanu, pitaniko mawa lomwelo, chifukwa timauthenga ta manambala achinsinsi ta ku banki timapita pa layini yomweyo. Masiku atatu onse aja timafikira kwa wakubayo.

Make mapasa, Matawale: Ku banki kuli K4,000 yokha, akatenge kkkk. Ndikuseka koma misozi ili m'maso.

Aphunzitsi opuma, Domasi: Ndiwonjezere pa mawu a achemwaliwo. Kampani ikakuzungulitsani, pali kokadandaula. Nkhani ya layini ndi kusinthidwa kwa SIM ndi ya a MACRA. Nkhani ya ndalama za pa foni ndi ngongole ndi ya Reserve Bank of Malawi, chifukwa ndi amene amayang'anira mabanki ndi ntchito zotumiza ndalama. Konseko adzakufunsani ngati munayamba mwadandaula ku kampaniyo, n'chifukwa chake pepala la chidindo lija lili lofunika. Malamulo alipo. Pali Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016, palinso Data Protection Act ya 2024 imene imati wotenga mbiri ya munthu azinena chimene akuitengera ndipo aziisamala. Vuto lathu timakadandaula pakamwa, kwa mlonda wa pa geti, n'kubwerako tikuti tanena.

Wakabaza wa pa depoti: Ine ndikubwerezabe, fufuzani kuseri kwa mpanda. Dziko lonse limatiseka ife a ku Zomba chifukwa cha mauthenga aja akuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi". Ndikanyamula mlendo wa ku Lilongwe amayamba n'kufunsa kuti ndende ija ili mbali iti.

Mnyamata wa ku Chanco: Nyuzipepala zalembapo ndithu kuti ena mwa mauthenga amenewo amachokera m'ndende, sitikana. Koma taganizani achimwene, wa m'ndende angavale jekete n'kukakhala pansi pa mango ku Matawale? Angakaime pa kauntala kusinthitsa SIM? Angakatulutse ndalama kwa ejenti? Amene anachita izi akuyenda nafe mu tauni muno, mwina munamukwezapo pa njinga yanu.

Wakabaza wa pa depoti: Ngati anandilipira ndi ndalama za banki mkhonde ndibweza mayi kkkk

Abiti wa ku Songani: Inu mukukamba za m'tauni, kumudzi ndiye kuli zoopsa. Chiyambireni AIP, pulogalamu ya feteleza wotsika mtengo, mu 2020 fetelezayo amagulidwa ndi chitupa, amachita kuunika kachizindikiro ka kumbuyo kaja pa foni. Ndiye mavenda amazungulira m'midzi nthawi ya njala, Okutobala, Novembala, kugula zitupa kwa anthu. Azakhali anga ku Chingale anapereka chawo, anapatsidwa ndalama yogula ndowa ya chimanga, akuti chitupa chibwera sabata yamawa. Chinabwera patatha miyezi iwiri, chitapindika ngati chinali m'thumba la kumbuyo. Feteleza sanamuone, ndipo mpaka lero sitidziwa kuti miyezi iwiri imeneyo chinagwira ntchito zanji. Ndikawafunsa amangoti, mwanawe, njala ilibe chitupa.

Aphunzitsi opuma, Domasi: Asatero ndani. Ife aphunzitsi tisaloze chala alimi. Ndagwira ntchito zaka 34, ndaona anzanga ochuluka akusiya khadi ya ku banki ndi PIN yake kwa wakatapila, masiku ano ndi chitupa chomwe. Tsiku la malipiro wakatapila ndi amene amakaima pa mzere wa ATM ndi makhadi khumi m'thumba, mwini wake akudikira panja kuti apatsidwe zotsala. Munthu wophunzira, wodziwa kuti n'zolakwika, koma mwana wabwezedwa fizi.

Madala a ku Sadzi: Apo mwanena zoona aphunzitsi. Ndisabise, inenso yanga inakagonako miyezi itatu.

Abiti wa ku Songani: Ohoo! Ndiye mumakalipira achemwali anga chifukwa chiyani?

Madala a ku Sadzi: Ndimakalipa chifukwa ndinapsapo. Pepani mayi a mapasa ngati ndinalankhula mopweteka.

Make mapasa, Matawale: Palibe kanthu madala. Koma abale zina zatulukanso. Alamu anga a ku Johannesburg angondiimbira kumene. Akuti Loweruka "ine" ndinawalembera pa WhatsApp kuti m'modzi mwa mapasa wagonekedwa kuchipatala, pakufunika ndalama mwamsanga, ndipo ndisaimbiridwe chifukwa ndili mu wodi. Anatumiza. Akuti chithunzi chinali changa, ngakhale kalembedwe, mpaka kuwatchula alamu mmene ndimawatchulira. Ndayesa kulowa pa WhatsApp, nambala ya pa SMS yabwera, ndalemba, koma ikufunanso PIN ina imene sindinaikepo.

Mnyamata wa ku Chanco: Musade nkhawa kwambiri ndi imeneyo. WhatsApp imatumiza manambala 6 pa SMS kwa amene ali ndi SIM, n'chifukwa chake analowa mosavuta. Atalowa anaika PIN yawoyawo yachiwiri kuti akutsekereni kunja. Koma poti mwalemba kale manambala a pa SMS aja, iwo atulutsidwa, sangalembenso uthenga m'dzina lanu. Inu mudikira masiku 7, kenako mudzalowa popanda PIN yawoyo. Mukadzalowa mudzaike yanu. Mmene mumatchulirana ndi abale anu mwina anazionera m'mauthenga amene ankalowa. Alamu anuwo asafufute chilichonse, ajambule mauthenga onse ndi nambala imene anatumizako ndalama, akutumizireni mukaphatikize ku lipoti la polisi.

Nonse muli muno, pitani pa Settings, Account, Two-step verification, muike PIN lero. Ndipo wina akakulemberani kuti ndatumiza manambala 6 pa foni yanu molakwitsa, nditumizireni, ngakhale akhale abusa anu, musatumize. Muimbireni mumve mawu ake.

Adimini: Uthenga wa mnyamatayu ndaukhoma pamwamba. Komanso ndafufuta chithunzi chimene wina anaponya muno sabata yatha cha chitupa chotoledwa pa Mpondabwino. Cholinga chinali chabwino, koma muno muli anthu oposa amene timawadziwa. Mukatola chitupa lembani dzina lokha, chitupacho mukasiye ku polisi kapena ku ofesi ya NRB kwa DC.

Abiti wa ku Songani: Nanga mafotokope timasiya paliponsewa? Pofunsira ntchito, kwa alandilodi, kusukulu ya mwana. Tsiku lina ndinagula mandasi atakulungidwa m'pepala, kutambasula ndikuona nkhope ya bambo wina ndi nambala ya chitupa chawo, mafuta okhaokha.

Achemwali a ku banki: Ine fotokope iliyonse ndimalemba ndi bolopeni modutsa pakati, osaphimba nkhope kapena nambala, kuti yaperekedwa kwa akutiakuti, pa ntchito yakutiyakuti, tsiku lakuti, n'kusaina. Wofuna kukaigwiritsa ntchito kwina amavutika nayo. Ndipo pa malo ojambulitsa mapepala, ikatuluka yoipa musaisiye mu bini, tengani mukang'ambe nokha.

Ejenti wa pa Chinamwali: Chimodzi ndiwonjezere cha masiku atatu aja, osati kukudzudzulani mayi. Akuba amakonda Lachisanu masana dala, akudziwa kuti anthu ati tidikire Lolemba. Netiweki ikasowa pa foni yanu yokha pamene mnzanu wa kampani yomweyo ali nayo pambali panu, bwerekani foni muimbire nambala yanu. Ikalira kwina pamene foni yanu ili chete m'manja, thamangani, imbani ku kampani atseke akaunti nthawi yomweyo.

Make mapasa, Matawale: Ndikanadziwa. Mayi wa matemba uja anali ndi foni pomwepo, tinachita kuseka limodzi za netiweki.

Chikundilemera tsopano ndi Lamulungu. Gulu likumana 2 koloko, ndipo pali amayi awiri amene ayamba kale kunong'ona kuti ndadya ndekha, nkhani ya SIM ndi yopeka. Zaka zinayi ndasunga ndalama zawo osasowapo ngakhale K50.

Abiti wa ku Songani: Amenewo analipo pansi pa mango paja?

Make mapasa, Matawale: M'modzi ndi amene anayamba kundiloza.

Aphunzitsi opuma, Domasi: Musakakangane nawo. Mukaike pa mphasa lipoti la polisi, sitetimenti ndi kalata ya chidindo, mlembi wa gulu awerenge mokweza, aliyense aone nthawi imene ndalama zinatuluka ndi kumene zinapita. Muitanenso amfumu kapena nthumwi yawo, chifukwa anthu a majekete aja analowa m'mudzi mwawo. Za kubweza mukakambirane pambuyo pake, mitima itatsika. Kalatayo ngati ikuvutani ndikulemberani, mawa ndikubwera mu tauni kudzaona za penshoni.

Make mapasa, Matawale: Mundithandize aphunzitsi, Chingerezi cha m'makalata chimandithawa. Nthawi yanji?

Aphunzitsi opuma, Domasi: Minibasi ikandifikitsa bwino, 8 koloko ndili pa positi ofesi. Mutenge chitupa, SIM yakale ija musataye, ndi kope la banki mkhonde. Mulembe pa pepala nthawi zonse zimene mukukumbuka, kuyambira tsiku la majekete.

Wakabaza wa pa depoti: Mayi ndidzakutengani pa Matawale hafu pasiti 7, ulendo wa ku polisi ndi ku ofesi ndi waulere. Wobwerera mulipira kkkk

Make mapasa, Matawale: Mudzaime pa chigayo, msewu wa kwathu wakumbika ndi mvula.